Shopu ya typing ya pafupi ndi Copacabana: printing ili bho, koma zosintha mawu a nkhani za shuga ayi

Amene mumandifunsa kuti mapepala a gulu lathu la odwala shuga timakalembetsa kuti, ndi ka shopu kaja ka m'mwamba pafupi ndi renki ya Copacabana mu Harare muno. Dzina sinditchula chifukwa zina zomwe ndilembe apa sizokoma, komanso anyamata ake ndi aulemu sindikufuna kuwaphera bizinesi. Typing, printing ndi lamination pitani simudandaula. Koma ntchito ina ija anamata pakhomo kuti "rephrasing", yomwe amati akusinthirani Chingerezi chovuta chikhale chophweka, ngati pepala lanu likukamba za mankhwala kapena timakina toyezera shuga musayerekeze abale anga.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Ali ndi inverter nde magetsi akathima ntchito siyima, zomwe mutauni muno si nkhani yaing'ono. Inki yawo ndi yakuda bwino, osati zija zotuwa zoti ukafika nazo ku Mufakose agogo akuti mwandipatsa pepala lopanda kanthu. Nditawauza kuti ambiri mwa anthu athu maso anayamba kuchita chifunga chifukwa cha shuga yemweyo, mnyamata wa pa kompyuta sanachite kufunsa kawiri, anakuza zilembo, natalikitsa mizere, manambala onse nawadetsa kuti aoneke patali. Amalandira EcoCash komanso madola, mtengo wake ndi womwewo wa mashopu ena a mutauni, ndipo chenji chikasowa amakupatsa maswiti monga mwa chizolowezi cha kuno. Ine ndinaseka kuti mwana iwe ukupatsa maswiti mlembi wa gulu la shuga, koma ndinatenga, paja ife timayenda nawo m'chikwama kuopa shuga kutsika panjira. Masitepe okha ndi ovuta, ndi otsetsereka komanso amdima, munthu wa mapazi a dzanzi tumani mwana.

Tsono nkhani ya rephrasing inabwera chonchi. Pagulu pathu ambiri timayeza ndi kamakina kobaya chala kaja, Accu-Chek kapena Codefree, koma alipo angapo amene ana awo ali ku UK amawatumizira ma sensor a FreeStyle Libre, kabatani koyera kaja komata kuseri kwa mkono komwe kamakhala masiku 14 ndipo umawerenga shuga pa foni. Amenewa ndi amene amavutika foni ikati update, chifukwa sadziwa kuti adine kapena asadine. Mwana wa mayi wina wa pagulu, yemwe ndi nesi kunjako, anatilembera tsamba limodzi ndi theka lofotokoza zoyenera kuchita apu kapena foni ikafuna update. Analemba bwino koma Chingerezi chake chinali cha kuchipatala, nde komiti inagwirizana kuti tikachifewetse kaye kenako tidzachimasulire m'Chichewa ndi m'Chishona, paja adzukulu athu ambiri obadwira kuno Chichewa amangomva koma kuwerenga amawerenga Chishona.

Ine ndinkayesa kuti rephrasing ndi munthu kukhala pansi kuwerenga nkumalemba mwa iye yekha. Ayi. Amakopera nkhani yonse nkuiponya pa website ina yake, nkudina batani, pasanathe ndi miniti yomwe yatuluka ina. Pali kachingwe kotsetsereka komwe amakoka, akakokera kumanja mawu ambiri amasintha, ndipo mnyamatayo anakokera mpaka kumapeto ati kuti ndalama yanga igwire ntchito. Makinawo sawerenga kuti amve, amangoona liwu nkusaka lina lofanana nalo mu dikishonale yake nkulowetsa, basi. Makasitomala awo ambiri ndi ana a ku koleji ofuna kuti assignment isaoneke yokopera, nde kwa iwo mawu akasintha ambiri ndiye kuti ntchito yayenda. Ife timafuna zina, timafuna agogo amve.

Chinthu choyamba kuwonongeka chinali maina a mabatani, ndipo apa ndi pomwe pandiwawa kwambiri. Nesi uja analemba kuti amene ali ndi iPhone akamaliza update alowe mu Settings aone ngati "Critical Alerts" ili yoyatsa. Pepala lotuluka m'makina linati "Basic Cautions". Tangoganizani bambo wa zaka 70 ku Mabvuku, magalasi ali pamphuno, chala chikutsetsereka pa foni kusaka mawu oti Basic Cautions, adzasaka mpaka batire kutha chifukwa mu foni mulibemo chinthu chotero. Anthu athu ambiri achikulire sawerenga Chingerezi cha pa foni kuti amve tanthauzo, amafananiza zilembo za papepala ndi za pa sikirini, zikafanana amadina. Ukasintha dzina la batani olo ndi liwu labwino bwanji wamusocheretsa munthuyo. Ndipo batani limeneli si lokongoletsa, ndi lomwe limalola alamu ya shuga kulira ngakhale foni ili pa silent usiku. "Override Do Not Disturb" nayo inasanduka "Supersede Do Not Upset", ine poyamba ndinaseka mpaka misozi kkkk koma kenako ndinakhala chete nditakumbukira kuti amene akugona yekha ku Epworth alamu ikapanda kulira palibe womudzutsa.

Mwina ena mukuti mayiwa akukokomeza. Mu February 2025 a FDA, bungwe loona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, anatulutsa chenjezo pa nkhani yomweyi, kuti anthu akuphonya ma alamu a shuga chifukwa cha zosintha za mu foni, monga update ya foni yeniyeniyo, kulumikiza ma headphone a Bluetooth omwe amasintha kakulidwe ka mawu, kapena foni kugoneka apu pofuna kusunga batire. Malangizo awo anali oti muzimitse zoti foni izidzipanga yokha update, musaipange mpaka mutatsimikiza kuti apu yanu ya shuga igwirizana nayo, komanso muziyang'ana kamodzi pamwezi ngati ma alamu akulirabe. Nesi wathu anazilemba zonsezi, ndipo chiganizo chake chinasiyanitsa bwino zinthu ziwiri, update ya apu ndi update ya foni. Makina anaona kuti liwu loti update labwerezedwa kambirimbiri nde anaganiza zotithandiza, pena analemba "refresh", pena "overhaul", pena "redesign", malo amodzi mpaka "reinstall". Munthu wowerenga angayese ndi ntchito zinayi zosiyana pomwe nesi analemba liwu limodzi.

Ya reinstall iyi ndiyo yoopsa zedi. Update ndi kuwonjezera zatsopano pa apu yomwe ilipo kale, reinstall ndi kuichotsa kaye nkuikanso. Mu July 2023 ku UK apu ya LibreLink, yowerengera ma sensor a Libre aja, itapangidwa update anthu ena a iPhone ankangoona sikirini yoyera, ndipo kampani ya Abbott inaichotsa kaye pa App Store pomwe imakonza. Tsono munthu amene wachotsa apu nthawi ngati imeneyo ndiye kuti watsala manja lende, alibe poitenganso. Kwa ife kuno nkhani imakula chifukwa apu imeneyi imatulutsidwa dziko ndi dziko, ya m'mafoni a anthu athu anaiika ndi ana awo atabwera ku holide pogwiritsa ntchito akaunti ya kunja, password ili ku Leeds mwini foni ali ku Highfield. Akaichotsa lero sangaibwezere yekha, ndipo sensor yodula ija imangokhala pamkono masiku nkumatha. Komanso pa Libre 2 ma alamu amapita ku chipangizo chomwe chinayambitsa sensor, si nkhani yongobwereka foni ya mdzukulu nkupitiriza ngati palibe chachitika.

Manambala ndiwayamikire, makina sanawakhudze. 3.9 inakhala 3.9, 14 inakhala 14. Koma mawu ozungulira manambalawo ndi omwe anapindika. Pomwe panali "below 3.9" panabwera "beneath or around 3.9", nde around-yo wachokera kuti? 3.9 mmol/L ndi malire omwe amati shuga watsika, munthu atenge msanga zotsekemera zokwana magalamu 15, monga theka la kapu ya chakumwa chotsekemera kapena supuni yaikulu ya shuga m'madzi, adikire mphindi 15 ayezenso. Pansi pa 3.0 ndiye zafika poipa. Malire ngati amenewa safuna mawu oti cha m'ma, chifukwa wina ali pa 4.4 ayamba kumwa Mazoe mosafunikira, wina ali pa 3.5 aziti ndikadali cha pompo ndidikire kaye. Penanso nesi analemba kuti nambala ya sensor "may differ" ndi ya chala, makina anati "will contrast", kuchoka pa mwina kufika pa ndithu. Zoona zake nzakuti sensor siyeza magazi, imayeza timadzi ta pansi pa khungu, nde shuga akamakwera kapena kutsika mothamanga imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo, nchifukwa chake amati ngati thupi likukuuza zina, ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, koma foni ikuti uli bwino, baya chala utsimikize. Ukamuuza munthu kuti nthawi zonse zidzasiyana asiya kukhulupirira zonse ziwiri.

Pa mayunitsi ndinachita kuimirira kumbuyo kwake kuti asakhudze. Kuno ku Zimbabwe timawerenga mu mmol/L, ku UK chimodzimodzi, koma timakina tina tobwera ndi achibale timawerenga mu mg/dL ngati ku America. Kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ka 18, 7.0 ndi 126, 10 ndi 180, 3.9 ndi 70. Amalume ena atabwera kuchokera ku Lilongwe anatiuza kuti shuga wawo ali pa 110 ndipo ali bwinobwino, amayi ena pagulu anagwira pakamwa kuti bambowa akuyenda bwanji, chonsecho ndi 6.1 chabe. Nesi anaika mzere wochenjeza kuti mukamaliza update muone ngati "units" zili momwe zinalili. Makina anati "check your components". Kwa munthu wobaya insulin liwu loti units ndi la tsiku ndi tsiku, ndi lomwe amawerengera pa jakisoni, nde kulichotsa nkuika components aaa ndi kumulanda munthu liwu lokhalo lomwe amalidziwa.

Zina zinali zongoseketsa. "Reading" inasanduka "perusing", sensor inakhala "detector" ngati tikusaka golide ku Mazowe, "fasting glucose" inakhala "starving glucose". Iyi ya fasting ngakhale popanda makina imasokoneza kale anthu athu a mapemphero, amayesa ndi kusala kwa ku tchalitchi pomwe ndi kungoyeza m'mawa usanadye patadutsa maola 8. "Signal loss" inatuluka kuti "flag misfortune", tsoka la mbendera eti. Chonsecho imeneyi ndi alamu yofunika, pa Libre 2 imalira foni ikakhala mphindi 20 osamvana ndi sensor, ndipo kuti zimvane zisatalikirane kupitirira mamita 6, nde ukasiya foni pa charger kwa aneba omwe ali ndi solar dziwa kuti palibe chikukulondera.

Mwana wanga wamkazi nditamuonetsa anati amayi zimenezi si zachilendo, akatswiri ena motsogozedwa ndi Guillaume Cabanac wa ku France akhala akulemba za izi kuyambira mu 2021, atapeza kuti ngakhale m'mapepala a sayansi osindikizidwa muli mawu opotoka chonchi, "kidney disappointment" m'malo mwa "kidney failure", "bosom peril" m'malo mwa "breast cancer", chifukwa olemba ake anadutsitsa ntchito za eni m'makina ngati omwewa pofuna kubisa kuti akopera. Impso kukhumudwa kkkk. Koma ife a shuga nkhani ya impso sitiseka nayo nthawi yaitali, tikuwadziwa anzathu amene ali pa dialysis.

Ndinabwerera nalo pepala ku shopu, osati mokalipa. Mnyamata uja anawerenga, nakanda mutu, nati "mhamha, koma mawuwa ndi ofanana, dikishonale ikutero." Ndinamuuza kuti mwana wanga, soda ndi mchere zonse nzoyera koma kathire soda mu nyama uone ngati anthu adye. Anaseka, kenako anandiuza kuti agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu ndipo nawonso anali a shuga, nde anayamba kumvetsera bwino. Anandionetsa kuti pa website-yo pali malo olembapo mawu omwe sukufuna asinthidwe, koma ndi ya olipira pamwezi ndi khadi ya madola, iwo amagwiritsa ntchito yaulere. Anati olo akanakhala nayo sakanadziwa mawu oti atseke, chifukwa iye shuga samudziwa, kwa iye alarm, alert ndi notification ndi chinthu chimodzi. Apa ndinamumvetsa. Pa foni zitatuzi zili ndi mabatani osiyana, notification ikhoza kubwera mwakachetechete iwe uli mtulo, pomwe alamu ya shuga wotsika imayenera kukudzutsa. Pa Dexcom G6, sensor ya kampani ina, mpaka anapanga kuti ya "Urgent Low", yomwe imalira pa 3.1 mmol/L, munthu asathe kuizimitsa mu apu.

Chomwe sindinakonde kwenikweni nchakuti sawerenganso zomwe zatuluka asanakupatse. Amangoprinta, kupinda, next. Ndipo sakuchenjeza kuti ndi makina akulemba, pakhomo pangolembedwa rephrasing ndi mtengo wake pa tsamba. Munthu wosadziwa Chingerezi bwino, amene ndi amenenso amafuna thandizo lotere, alibe njira yodziwira kuti wanyamula zopotoka, amangoona pepala loyera bwino la zilembo zooneka nkumati zatheka. Ife tinapulumuka chifukwa komiti imawerenga chilichonse tisanagawe, komanso tinali ndi pepala loyamba loti tifananize mzere ndi mzere. Akanakhala munthu payekha wapita ndi kapepala ka m'bokosi la mankhwala kuti amufewetsere, kaya.

Ndipo chodabwitsa Chingerezi chake sichinaphweke nkomwe, chinalimba kuposa poyamba. "Before" inakhala "prior to", "use" inakhala "utilize", "phone" inakhala "telephone gadget". Ndalama tinalipira kuti agogo amve, tinalandira mawu oti ngakhale aphunzitsi opuma a pagulu pathu anachita kuvula magalasi nkupukuta.

Pa nkhani ya manambala a version ndiwonjezere kanthu kamodzi, poti ena amati timadontho timeneti nzosafunika. Mu 2024 kampani ya Tandem ku America inalengeza kuti apu yawo ya t:connect ya pa iPhone, version 2.7, ili ndi vuto chifukwa inkangodzitseka nkudzitsegula mpaka kumaliza batire ya pampu ya insulin, pampu nkuzima, ndipo a FDA ananena kuti anthu 224 anavulala nazo. Anthu anauzidwa kuti apange update kupita pa 2.7.1. Pampu zotere kuno sindinaonepo munthu wa pagulu pathu ali nayo, koma taonani kuti version ya vuto ndi yomwe anauzidwa kuti aike zasiyana ndi kadontho ndi 1 basi. Pa pepala lathu mawu oti "or later" otsatira nambala ya version anasanduka "or afterwards", zomwe munthu angamve ngati akuti upange update nthawi ina ukapeza mpata.

Mapeto ake tinataya zonse za makina. Tinakhala pansi pa tchalitchi titaweruka, ine, aphunzitsi aja ndi mtsikana wina wophunzira unesi, nesi wa ku UK ali pa WhatsApp, tinalemba m'Chichewa mwachindunji kuchokera pa pepala loyamba. Lamulo tinaika limodzi, dzina la batani lililonse lisiyidwe m'Chingerezi momwe likuonekera pa foni, lidetsedwe, kufotokoza kokha ndiko kukhale m'chilankhulo chathu. Liwu tikalisankha ndi lomwelo mpaka pansi, alamu ndi alamu, update ndi update, olo libwerezedwe kakhumi, kusukulu ankatiletsa kubwereza mawu koma apa kubwereza ndiye kothandiza. Tinaikanso zithunzi za sikirini ndi muvi wolozera podina.

Ndipo tinakaprintitsa ku shopu yomweyo, chifukwa monga ndanena printing yawo ilibe vuto. Mnyamata uja anataipa Chichewa chathu mosamala kwambiri, pomwe sakumva amafunsa, "ng'" yathu ija anailemba bwino osaiwala kakoma ka pamwamba, zithunzi anazikonza zinatuluka zooneka ngakhale ndi za black and white. Lamination yake ndi yolimba, mapepala amatha kukhala pakhoma la kukhitchini osafufuma ndi nthunzi. Sanatilipiritsenso typing yachiwiri, anati ndi chipepeso.

Nde ngati mukufuna nyenyezi, printing ndi lamination 5, ulemu 5, masitepe 2, rephrasing pa nkhani za umoyo 0. Pa kalata yopempha malo a msika kapena uthenga wa ukwati mwina ingathandize mukawauza kuti kachingwe kaja asakokere kumapeto ndipo muwerenge musanatuluke pakhomo. Ndinawapempha kuti amate kapepala konena kuti ndi makina amasintha mawu ndipo sakhudza za mankhwala, anati auza abwana awo, amene mudutseko sabata ikubwerayi mudzandiuze ngati amata. Amene mukufuna pepala la Chichewa lija mupeze kwa a komiti Lamlungu, la Chishona likadali kwa aphunzitsi akumalizitsa.